Nkhwayira zomera mawere: mmene mungazipangire pakhonde panu

Ndimasoka nsapato ndi kudula nkhwayira za matayala pa Ngabu. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga, amene ali ku sekondale, anafika pamthunzi wa nimu pomwe ndimagwirira ntchito, foni ili m'manja. "Amalume, taonani izi. Mungathe?" Pachithunzipo panali nsapato zomera udzu wobiriwira, weniweni, wamoyo. Zinali za kampani ya ku Spain yotchedwa Loewe, zomwe inaonetsa ku Paris mu Juni 2022. Amene anameretsa mbewuzo pa nsapato ndi pa zovala ndi mayi wina wokonza zovala, Paula Ulargui Escalona, ndipo zinatenga masiku 20 kuti zikule kufika pofunika. Ina mwa mbewuzo inali chia, mbewu yochokera cha ku Mexico. Mwanayo ankafuna peyala yake kuti akavale kusukulu pa 5 Juni, tsiku lokumbukira chilengedwe padziko lonse.

Ndinavomera, koma ulendo woyamba sizinatheke. Ndinathira dothi popondera, ndinafesa mchewere, n'kuika nkhwayirazo pabwalo kuti ziothe dzuwa. Pofika madzulo dothi linali litauma gwa, ndipo tochepa tomwe tinamera tinathyoka mwana atangopondapo kamodzi. Amene anandiongola ndi azakhali anga, omwe amaphika thobwa wogulitsa pamsika. Anazitembenuza nkhwayirazo m'manja, n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene, chimenechi ndi chimera basi. Unaona ndani akuyanika chimera chisanatulutse mizu? Chimafuna mthunzi ndi chinyezi, dothi sichilifuna." Kuyambira pamenepo ndinasiya kuganiza ngati wolima munda, ndinayamba kuchita zomwe amayi amachita pokonza chimera. Malangizo ali m'munsimu achokera pamenepo.

Ndinene kaye chilungamo. Izi si nsapato zopitira kudimba kapena kumaliro. Ndi zovala maola ochepa pachionetsero, pa gule wa ana asukulu, kapena pojambulitsa. Mbewu yomera popanda dothi imadya chakudya chomwe chili m'njere mwake, ndipo chikatha imasanduka yachikasu. Muyembekezere masabata awiri basi, ndipo masiku okongola kwambiri ndi atatu kapena anayi.

Yambani ndi kalendala

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lovala. Ngati mwambo uli pa 5 Juni, viikani mbewu madzulo a pa 26 Meyi, mufese mmawa wa pa 27. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi kapena lakhumi udzu umakhala utafika pabwino. Kukazizira kwambiri mawere amachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri, choncho ndibwino kufulumira pang'ono kusiyana ndi kuchedwa, popeza udzu wotalika mungaumete koma waufupi simungaukoke.

Kuno kuchigwa nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, kansalu konyowa kamauma musanamalize kudya nsima, ndipo mizu ikauma kamodzi siidzukanso. Ndinayesapo nyengo imeneyo, ndipo ndinkathirira kasanu ndi kamodzi patsiku. Ngati mulibe munthu wokhala pakhomo tsiku lonse, dikirani kuzizire.

Mbewu yake

Mawere ndiwo amandikhutiritsa. Njere zake n'zazing'ono, zimamera mothinana, ndipo masamba ake ndi osalala ngati ubweya. Kuno sitilima mawere ambiri, koma amapezeka kwa amayi ogulitsa za thobwa pamsika. Munene momveka kuti mukufuna mawere osameretsa, chifukwa chimera chouma chinamera kale ndipo sichimeranso. Mchewere, womwe ngwathu weniweni, umameranso msanga, kungoti masamba ake ndi okulirapo ndipo amatalika mofulumira. A kutsidya kwa Shire, kufupi ndi sikimu ya Nkhate kapena ya Muona, angagwiritse ntchito mpunga wosapuntha, koma awonjezere masiku angapo pa kalendala chifukwa mpunga umachedwa kutuluka.

Mapira ndimawapewa. Oweta ziweto amadziwa kuti mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni amene amatha kupha mbuzi kapena ng'ombe ikadya zambiri, ndipo chinthu chokhala pansi pakhonde, pomwe mwana wokwawa angazule n'kuika m'kamwa, chisakhale chotero. Mbewu zam'sitolo zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira nazonso ayi. Utotowo ndi chizindikiro chakuti zathiridwa mankhwala, ndipo izi zikhala pafupi ndi khungu la munthu.

Yesani mbewuyo kudakali sabata. Werengani njere 20, zikulungeni m'kansalu konyowa, muike pamthunzi. Pakatha masiku atatu tsegulani. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera zosakwana theka, ndi yogonera kapena yofumbwa, kagulani ina.

Nkhwayira zake

Ngati muli kale ndi nkhwayira za lamba wotambalala, dumphani gawo ili. Patapata wa timalamba tating'ono sangathandize, palibe pomera.

Wovalayo aime pa katoni, mulembe mozungulira phazi lililonse, n'kuwonjezera sentimita imodzi mbali zonse. Sakani tayala lakale la linya, lopanda mawaya m'kati. Matayala ambiri a galimoto zing'onozing'ono masiku ano ali ndi mawaya pansi pa mapazi ake, amapha mpeni ndipo pambuyo pake mawayawo amatuluka n'kubaya munthu. Tayala la njinga yamoto ndi losavuta kudula, ndipo pano akabaza achuluka, lakutha silisowa. Podula, ikani chitini cha madzi pambali ndipo muziviika mpeni pafupipafupi. Mpeni wonyowa umayenda pa mphira, wouma umakakamira. Muzidula molozetsa mpeni kutali ndi ntchafu zanu.

Lamba wapamwamba pa phazi akhale wotambalala masentimita 7. Ndimamudula ku chubu chokhuthala cha galimoto, kapena ku chikopa chikapezeka. Kumbuyo ikani lamba wina wogwira chidendene, chifukwa nkhwayira yomenya chidendene poyenda imagwedeza mizu. Mkati mwa lamba wamkulu, mokhudza khungu, sokereranimo kansalu ka chitenje kuti mphira isanyule phazi.

Kamphasa komeretsapo

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani musathamange. Mbewu sizimera pa nkhwayira penipeni, zimamera pa kamphasa kakang'ono komwe mumamangirira pamwamba pa lamba. Ubwino wake ndi wakuti mungakachotse, kukathirira pakokha, nkhwayira n'kukhala youma.

Kamphasako kali ndi zinthu zitatu zosanjikiza. Pansi penipeni pamakhala chubu cha njinga yakapalasa chong'ambidwa, choletsa madzi kufika kuphazi. Chiduleni mofanana ndi lamba: masentimita 7 m'lifupi, ndipo m'litali muyeze kuchokera mbali ina ya phazi kukafika inayo, n'kuchotsako masentimita awiri mbali iliyonse kuti udzu usamakwekwe pansi. Kwa munthu wamkulu zimabwera cha m'ma 15 kapena 16.

Pakati pamakhala thonje, losunga chinyezi. Kuno thonje sitigula, m'miyezi imeneyi anthu amakhala akutola. Koma pali chinthu chomwe ndinachiona ndi maso nditaika thonje lam'munda m'beseni: linangoyandama, madzi akutsetsereka pamwamba pake ngati pa nthenga za bakha. Thonje laliwisi lili ndi timafuta toletsa madzi kulowa. Chotsani njere, muliwiritse m'chitini chakale ndi kasopo pang'ono kwa theka la ola, kenaka mulitsukuluze katatu mpaka thovu lithe. Likamira lokha m'madzi, lapsa. Kuwiritsaku kumathandizanso kuchotsa zotsalira za mankhwala opopera, choncho chitinicho chisabwererenso kukhitchini. Liyaleni pa chubu, lokhuthala theka la sentimita. Mukalichulutsa limalemera ndipo mizu imaola. Amene alibe thonje adule chidutswa cha thaulo lakale.

Pamwamba pamakhala chiguduli, thumba lija la ulusi wabulauni, osati la pulasitiki lomwe timaikamo chimanga. Mabowo ake ndi amene mizu imalowamo n'kugwira. Lichapeni ndi madzi otentha, liume padzuwa, ndipo ngati likununkha mafuta kapena mankhwala lisiyeni. Dulani chidutswa chokulirapo sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, mupindire m'mphepete mwake m'kati kuti pakhale kamkombero kotukuka, kenaka sokani zitatuzo pamodzi ndi ulusi wa nayiloni. Kumapeto awiri otsikira pansi musasoke mothina, madzi otsala azitulukira kumeneko.

Tsopano chinthu chimene ndinachiphunzira mochedwa. Lamba wa nsapato ndi wopindika ngati chulu, ndipo njere zonyowa zimagubuduzikira m'munsi mukangothirira, pamwamba n'kutsala dazi. Mankhwala ake ndi omwewo a munda wa pamtsetse: mizere yopingasa. Sokani mizere yodutsa m'lifupi mwa kamphasako, motalikirana masentimita awiri, ndipo mukoke ulusi mwamphamvu kuti chiguduli chibonyoke pomwe mwasokapo. Mupeza timigula tating'ono tosanjikizana ngati masitepe. Njere zimakhala m'timigulamo ndi m'mbali mwake, sizitsetserekanso.

Pomaliza sokani tizingwe tinayi m'makona tomangira pa lamba. Pangani timphasa titatu kapena tinayi pa peyala imodzi. Nthawi zonse kamodzi kamamera moperewera, ndipo n'zopweteka kuona phazi limodzi lobiriwira, linalo lapatalipatali.

Kuviika ndi kufesa

Supuni yaing'ono imodzi ya mawere ouma imakwana kamphasa kamodzi. Tsukani njerezo, tayani zoyandama, ndipo zotsalazo zigone m'madzi usiku umodzi. Musapitirize tsiku lathunthu, zimayamba kusasa.

Za madzi ndinenepo pang'ono, popeza kwathu kuno si nkhani yaing'ono. Mijigo ina ya m'Chikwawa ndi m'Nsanje imatulutsa madzi amchere. Munthu amazolowera, koma kambewu ka masiku awiri sikapirira, nsonga zake zimapsa ndipo chiguduli chimachita zoyera chikauma. Lawani kaye. Ngati mukumva mchere pa lilime, katungeni ku mjigo wina, kumpope, kapena pachitsime cha madzi okoma, mudzaze chigubu cha malita 5. Chimenecho chikwana ntchito yonse.

Mmawa nyowetsani timphasa mpaka thonje likhute, finyani pang'ono, ndipo mumangirire pa nkhwayira. Lowetsani botolo la theka la lita lodzaza mchenga pansi pa lamba, liime m'malo mwa phazi. Izi n'zofunika chifukwa mbewu imakula molunjika kumwamba. Mukameretsa kamphasa koyala pansi n'kudzakapinda tsiku lovala, udzu umatambasuka n'kuonetsa chiguduli pakati. Kokulira pamalo pake kamadzaza bwino, za m'mbali zimakhota zokha n'kuyang'ana kumwamba. Timphasa tapadera mutimangirire pa mabotolo ena ogoneka, otchingidwa ndi timiyala kuti asagubuduke.

Khetsani njere pa kansalu kuti zisamamatirane, kenaka ziwazeni ndi zala, mzere ndi mzere. Zigundane koma zisasanjikizane. Zikanikizeni ndi chala kuti zilowe m'maso a chiguduli. Phimbani ndi kansalu kopyapyala konyowa, mumange mosathina ndi kachingwe, ndipo muike m'nyumba pakona pa mdima koma podutsa mpweya. Azakhali amaphimba chimera chawo ndi masamba a nthochi, ndipo inenso ndimaika tsamba limodzi pamwamba pa kansaluko mphepo ya mwera ikamaomba.

Masiku anayi oyamba

Boolani chivindikiro cha botolo la pulasitiki ndi singano yotentha, mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ang'onoang'ono. Chimenecho ndicho chothirira chanu. Thirirani pamwamba pa kansalu mmawa, masana ndi madzulo, pang'onopang'ono, mpaka dontho loyamba litagwa kumapeto. Kapu kapena jagi zimakokolola mbewu. Fetereza musathire ngakhale pang'ono.

Tsiku lachiwiri mukasuzumira muona timizu toyera tatuluka. Tsiku lachitatu timakhala talowa m'chiguduli. Gwirani njere imodzi ndi chala: ikakana kusuntha, chotsani kansaluko. Kanyowetseni kaye ndipo mukasende mwapang'onopang'ono kuchokera kumapeto. Mukakasiya mpaka tsiku lachisanu, mphukira zimakaboola ndipo pochotsa mumazula zonse.

Pamizu mudzaona toyera tonga ubweya, ndipo ambiri amataya ntchito yawo apa poganiza kuti ndi chuku. Dontheza madzi: tikazimirira, ndi tiubweya ta mizu tomwera madzi, palibe vuto. Chuku chimayanga ngati ukonde wa kangaude kuchoka njere ina kupita ina, chimatuwa kapena kuda, ndipo chimanunkha. Mukachipeza, tapani njere za pamalopo ndi nsonga ya mpeni, chepetsani madzi, ndipo muike pamalo opita mphepo.

Adani ndi atatu. Nyerere zimatuta mawere usiku umodzi wokha, choncho ikani nkhwayira pa njerwa, njerwayo ili m'beseni la madzi osafika pamwamba pake. Madziwo muzisintha masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswerane. Makoswe amatchingika ndi dengu lovundikira lotsamiritsa mwala. Nkhuku ndi mbuzi zimadikira tsiku lotulutsa panja. Timphasa tanga tiwiri toyamba kumera bwino tinathera m'kamwa mwa mbuzi ya aneba, nthawi yomwe ndinangolowa m'nyumba kukatenga lumo. Zinandiwawa, chifukwa anali atatsala masiku atatu. Kuyambira pamenepo ndimaika pa thandala kapena kupachika lichero pa nthambi.

Kubiriwira ndi kumeta

Pochotsa kansalu mphukira zimakhala zachikasu. Musade nkhawa, sizinaone kuwala. Zitulutseni pakhonde kapena pansi pa nimu, ziothe dzuwa la mmawa mpaka cha m'ma 9 koloko, kenaka mthunzi tsiku lonse. Mawa lake mupeza zabiriwira. Kumbukirani kuti tayala ndi chubu n'zakuda, zimakoka kutentha, ndipo padzuwa la masana zimaphika mizu kuchokera pansi ngakhale thonje lili lonyowa.

Udzu umapendekera komwe kukuchokera kuwala, choncho muzitembenuza nkhwayira tsiku lililonse, zala ziloze komwe kunali chidendene. Masamba akamakula amamwa kwambiri, mwina mungafunike kuthirira kanayi. Nyamulani kamphasako m'manja: kakapepuka, kali ndi ludzu. Madzulo ndimakamasula n'kukaviika m'mbale ya madzi osaya kwa mphindi zisanu kuti thonje limwe kuchokera kumapeto, kenaka ndimakabwezera pa botolo.

Kutatsala tsiku limodzi, metani ndi sizasi yakuthwa, musiye masentimita anayi. Udzu wotalika kuposa pamenepo umagona munthu akamayenda. Mawere amakulira kutsinde, ndiye kumeta nsonga sikuwapha. Mwana wa mlongo wanga anafuna kuti chakumwendo ukhale wautali, chakuzala waufupi, ndipo zinaoneka bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Tsiku lovala

Thirirani m'bandakucha ndipo musiye madzi akhe kwa ola limodzi. Musavale kuchokera kunyumba. Ikani nkhwayira m'katoni, mabotolo ali m'malo mwake, phimbani katoniyo ndi chitenje chonyowa chosakhudza udzu, ndipo ngati mukukwera kabaza muinyamule pamiyendo. Fumbi ndi mphepo ya pamsewu zimafotetsa masamba msanga. Tengani botolo lothirira ndi kamphasa kapadera.

Povala, lowetsani phazi kaye, kenaka wina akumangireni tizingwe. Thalauza lalitali kapena chitenje chofika kuzala chimapukuta udzu, valani chofika m'katumba. Pakadutsa ola lililonse, dontheza madzi pang'ono m'timigula. Mukavula, sambani ndi kupukuta bwino pakati pa zala, popeza chinyezi chokhalitsa chimabweretsa zilonda pamenepo. Munthu amene ali ndi bala kuphazi kapena matenda a shuga asavale, azingoziika patebulo anthu aone.

Pali ena amene amaumirira kuti akufuna kuponda udzu weniweniwo. Mawere sangapirire. Wopirira kupondedwa ndi kapinga, yemwe uja wa pabwalo la mpira. Mumafunika kusokerera mkombero wa chubu kuzungulira popondera, kuthira dothi losakaniza ndi manyowa lokhuthala masentimita awiri, kubzala timitsitsi ta kapinga, ndi kudikira pafupifupi mwezi. Ndinapangapo peyala imodzi. Ndi yolemera, imadetsa phazi, ndipo dothi lotengedwa pafupi ndi khola likhoza kubwera ndi matekenya. Ine sindiilimbikitsa.

Masabata awiri akakwana, udzu uyamba kuchita chikasu kuchokera kunsonga. Dulani ulusi wa nayiloni n'kuusolola wonse, chotsani chubu. Chotsalacho, chiguduli ndi thonje zolukana ndi mizu, chiponyeni kudzenje la manyowa, chimaola chonse. Chubu mutsuke ndi sopo, chiume padzuwa, musunge pamodzi ndi katoni ya muyeso wa phazi kuti ulendo wina mudzangodula chiguduli chatsopano. Nkhwayira zenizenizo zimakhala zilibe kanthu, ndipo za mwana wa mlongo wanga amapita nazo kuchigayo mpaka pano.